Timu yolimba ya kumapeto imagulidwa m'maraundi oyamba

Pali mphindi ina mu Teamfight Tactics, gemu ya pa foni ndi pa kompyuta yomenyanitsa matimu a asilikali, imene aliyense amene waseweramo kwa kanthawi amaidziwa. Gemu imagawidwa m'masiteji, iliyonse ya maraundi angapo, ndipo mwafika siteji 5. Kuyambira pachiyambi mwakhala mukupambana, moyo wanu ukadali cha m'ma 70, dzina lanu lili pamwamba pa ndandanda. Kenako mukumana ndi munthu amene wakhala akukwawa pansi gemu yonse, wotsala ndi moyo 18, ndipo timu yake isesa yanu osataya ngakhale msilikali mmodzi. Raundi yotsatira wina akuchitani zomwezo. Pomwe muziti ndikonze, mwatuluka kale pa nambala 6, uja wa moyo 18 watha wachiwiri. Ambiri amangotseka foni n'kunena kuti munthuyo anachita mwayi.

Mwayi ulipodi, shopu imatulutsa zimene yafuna. Koma mutabwerera m'mbuyo n'kuona mmene munthu uja anasewerera, mupeza kuti pamene inu munkagula chilichonse chokoma m'maso kuti mupambane raundi ya nthawi yomweyo, iye ankalipirira pang'onopang'ono timu imene adzaime nayo pa siteji 5. Nthawi zina ankalipira ndi golide, nthawi zina ndi moyo wake womwe.

Kwa amene sanawagwirepo, magemu a mtundu uwu, otchedwa auto-battler, si akale. Mu Januwale 2019 kagulu ka ku China kotchedwa Drodo Studio kanatulutsa Dota Auto Chess, kagemu komangidwa m'kati mwa gemu ina yotchedwa Dota 2, ndipo patangotha miyezi yochepa kanali katakopa anthu mamiliyoni. Dzina likunena za chess, koma eni ake anati nzeru yambiri anaitenga ku mahjong, masewera a kwawoko otolera timatabwa tofanana mpaka dzanja litakwana. Chakacho chisanathe makampani akuluakulu anali atalumphiramo. Valve inatulutsa Dota Underlords, imene sinakhalitse. Riot Games ya ku Los Angeles inatulutsa Teamfight Tactics mu Juni, Blizzard n'kubwera ndi Hearthstone Battlegrounds mu Novembala. TFT, monga ambiri amaitchulira, inafika pa foni mu Malichi 2020, ndipo ndi imene ndikhazikikepo apa chifukwa malamulo ake a chuma amaonetsa nkhaniyi poyera.

Osewera amakhala 8, aliyense amayamba ndi moyo 100, umene umachepa akagonja pa raundi, ndipo ukatha amatuluka m'gemu. Simugwira msilikali n'kumamuyendetsa pankhondo ayi. Ntchito yanu ndi ya kochi: kugula, kundandalika asilikali pa bolodi, kuwagawira zida, kenako kupinda manja n'kumaonerera. Mbali yanu ya bolodi ili ndi mizere 4, uliwonse wa malo 7, ndipo pa benchi pamakwana asilikali 9. Shopu imakuonetsani asilikali 5 nthawi imodzi, a mitengo yoyambira golide 1 kulekeza 5. Kuitembenuza kuti ionetse ena, kumene osewera amati roll, ndi golide 2. Mukapeza atatu ofanana amaphatikana kukhala mmodzi wa nyenyezi 2, ndipo 9 ofanana amapereka wa nyenyezi 3. Levulo yanu ndiyo imanena kuchuluka kwa asilikali amene mungaike pa bolodi: levulo 7, asilikali 7. Ndiyonso imanena kuti asilikali okwera mtengo azioneka kangati mu shopu. XP, kutanthauza mapointi okwerera levulo, imabwera 2 pa raundi yokha, yotsalayo mumagula, golide 4 pa XP 4.

Golide yemweyo ndiye wogulira asilikali, wotembenuzira shopu ndi wokwerera levulo. Gemu yonse yagona pamenepo.

Raundi iliyonse mumalandira 5. Pamwamba pake pali chiwongoladzanja: pa golide 10 aliyense amene mwasunga mumalandira 1, mpaka malire a 5 mukafika pa 50. Amene anakhalapo mu banki mkhonde sangavutike kumva, ndalama imene mwaisiya m'gulu imaswa, imene mwadyera mandazi yapita. Munthu amene wafika pa 50 kumayambiriro kwa siteji 3 amalandira 10 pa raundi pomwe mnzake wa m'thumba mopanda kanthu akulandira 5. Pakatha maraundi 10 kusiyana kwawo ndi golide 50, ndiko kuti ma roll 25. N'chifukwa chake mudzaona wosewera wozolowera akugulitsa msilikali wa pa benchi kuti golide achoke pa 19 afike pa 20 raundi isanathe. Msilikali wa nyenyezi imodzi amabweza ndalama yonse imene munamugulira, ndiye kumugulitsa sikuluza, koma kumusunga pa benchi mopanda cholinga kumakudyerani chiwongoladzanja mwakachetechete.

Palinso golide wa kutsatizana. Mukapambana maraundi angapo motsatizana, kapenanso kugonja motsatizana, mumalandira wowonjezera amene amafika 3 pa raundi. Atsopano amadabwa kuti kugonja nakonso kuli ndi malipiro. Choipitsitsa ndi kukhala pakatikati, uku mwapambana uku mwagonja, chifukwa moyo ukupita koma m'thumba simukulowa kanthu.

Moyo 100 uja si dzira loti muzilisunga m'manja awiri. Ndi ndalama yachiwiri. Palibe mphoto ya kutha gemu ndi moyo wambiri. Wotsala yekha ndi moyo 1 ndi wotsala yekha ndi moyo 60 onse ndi nambala 1. Ndipo mtengo wa kugonja sufanana nthawi zonse. Pa siteji 2 kugonja kumadya moyo wochepa, kawirikawiri wosafika 10. Pa siteji 5 kumadya cha m'ma 15 kapena kuposa. Kugonja kumayambiriro n'kotchipa, kumapeto n'kodula. Komanso pa raundi yachinayi ya siteji, asilikali amazungulira pakati atanyamula zida, osewera n'kumathamangira kukasankha, ndipo amene ali ndi moyo wochepa ndiwo amamasulidwa poyamba. Munthu wathu wa moyo 18 uja anadya zonsezi: golide wa kugonja motsatizana, chiwongoladzanja chokwana, ndi mpata wosankha chida anzake asanafike.

Ndisakunamizeni kuti njira imeneyi ndi yosavuta. Kugonja mwadala kuli ndi luso lake: mufunika kugonja mutapha asilikali angapo a mdani, chifukwa aliyense wotsala wamoyo amawonjezera moyo umene mutaye. Mukafika siteji 4 ndi moyo wosakwana 40, shopu n'kukukanani, mwapita pa nambala 8 musanadziwe. Kwa ambiri a ife njira yabwino ndi yapakati pa ziwirizi: ikani timu yamphamvu kwambiri imene mungathe popanda kuboola thumba, pambanani zimene zikupambanika, ndipo musatembenuze shopu pa siteji 2 pokhapokha mukudziwa chimene mukufunafuna.

Tsopano tifike pa funso lenileni. Golide yense wasungidwayu, mukamuwononge liti, ndipo pa chiyani?

Yankho lili m'masamu a shopu. Manambala enieni amasinthasintha, popeza Riot imasintha asilikali onse pafupifupi miyezi 4 iliyonse ndipo imakonzakonza mphamvu zawo pafupifupi masabata awiri alionse, koma chithunzi chake sichisuntha. Pa levulo 7, msilikali wa golide 4 amaoneka pafupifupi pamalo amodzi mwa 10. Pa levulo 8 amaoneka pamalo amodzi mwa 4 kapena 5. Kukwera levulo imodzi kokha kumachulukitsa mwayi kuposa kawiri. Ndiye munthu amene akutembenuza shopu pa levulo 7 kufunafuna wa golide 4 akulipira kawiri pa katundu yemweyo. Apa ndi pamene panachokera njira yodziwika kwambiri, imene osewera amati fast 8: kusunga chuma, kukwera levulo 8 kumayambiriro kwa siteji 4, n'kukhuthula golide pamenepo.

Koma taonani chimene ambiri saachiwerengera. Tiyerekeze kuti pa levulo 8 mwayi wa golide 4 uli pa 22 pa 100, ndipo asilikali a mtengo umenewo alipo mitundu 12. Mwayi woti malo amodzi atulutse dzina lenileni limene mukufuna sukwana 2 pa 100. Shopu ya malo 5 ikupatsani cha m'ma 9 pa 100. Kunena kwina, kuti muone munthu wanuyo kamodzi, mutembenuza shopu pafupifupi ka 11, golide 22. Kuti akhale wa nyenyezi 2 afunika atatu. Kuphatikiza ndi mtengo wogulira, mwayandikira golide 80, ndipo apo ndi pamene mwayi wanu uli wapakatikati, wosakoma wosaipa. Amene amafika pa levulo 8 ndi golide 40 n'kumalumbira kuti ndikufuna uje yekha basi, masamu amamutsutsa asanayambe n'komwe.

Zinthu zimasintha mukakhala kuti mungalandire mayina atatu kapena anayi. Golide 40 yemweyo amakhala wokwanira, chifukwa pafupifupi shopu imodzi mwa zitatu ikhala ndi wina woti mugule. Timu yolimba ya kumapeto si ndandanda ya mayina 8 ayi. Ndi malo 8 a ntchito, ndipo ntchito iliyonse pali anthu angapo amene angaigwire.

Chinanso, shopu si yanu nokha. Osewera onse 8 amatapa m'thumba limodzi, ngati belo limodzi la kaunjika limene anthu 8 aliunjikira. M'nyengo zaposachedwa, msilikali aliyense wa golide 4 amakhala ndi makope 10 okha m'gemu yonse, wa golide 5 amakhala ndi 9. Anzanu awiri akakhala kuti aliyense wamupanga kale wa nyenyezi 2, makope 6 apita, atsala 4, ndipo golide 80 uja sakwananso. N'chifukwa chake musanakhuthule thumba muyambe mwayendera mabolodi a anzanu. Gemu imalola kuona bolodi ndi benchi ya aliyense. Zimatenga masekondi ochepa, koma ndi anthu ochepa modabwitsa amene amachita. Mbali yabwino ndi yakuti wosewera akatuluka, asilikali ake amabwerera m'thumba muja, choncho nthawi zina kudikira raundi imodzi kuti wopikisana nanu wa moyo 6 afe kumakutsegulirani njira.

Zida ndizo zimasankha timu, osati mtima wanu

Ichi ndi chimene ndinachedwa kuchimvetsa. Asilikali mungawagulitse n'kugula ena, koma zida zimene gemu yakupatsani ndi zomwezo. Zimabwera ngati tizigawo, kuchokera ku zilombo zimene mumamenya kumapeto kwa siteji iliyonse ndi pa kuzungulira kuja, ndipo tizigawo tiwiri timapanga chida chimodzi chathunthu. Msilikali mmodzi amanyamula zida zosaposa zitatu. B.F. Sword ndi Sparring Gloves zimapanga Infinity Edge, chida cha omenya ndi mphamvu za thupi. Needlessly Large Rod ndi Sparring Gloves zimapanga Jeweled Gauntlet, cha amatsenga. Tear of the Goddess iwiri imapanga Blue Buff. Recurve Bow ndi Rod zimapanga Guinsoo's Rageblade, chimene chimafulumizitsa nkhonya nkhondo ikamatalika.

Ngati pofika siteji 3 m'manja mwanu muli malupanga ndi mauta, timu yanu ya kumapeto ndi ya omenya ndi thupi, kaya mumakonda amatsenga chotani. Mwa asilikali a golide 4 mudzapezeka awiri kapena atatu amene zida zimenezo zimawayenera, ndipo amenewo ndiwo mayina anu. Amene shopu yayamba kukupatsani awiri, ndi yemweyo.

Pali matenda ena ofala: kusunga tizigawo pa benchi kudikira chida changwiro. Munthu ali ndi tizigawo 5, akugonja raundi ndi raundi, koma sapanga kanthu chifukwa zimene anaona pa intaneti zikuti uje amafuna zakutizakuti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chida chabwino pang'ono chopangidwa pa siteji 2 chimakupulumutsirani moyo kwa maraundi ambirimbiri, pomwe changwiro chofika pa siteji 5 chingapeze mwiniwake atatuluka. Pangani chida, chipatseni msilikali wotchipa wogwira ntchito yofanana kuti akusungireni. Mwiniwake weniweni akabwera, mumagulitsa wosungayo, zida zimabwerera pa benchi, n'kumupatsa.

Za womenya wamkulu, amene osewera amati carry, aliyense amaziganizira. Zimene zimaiwalika ndi za kutsogolo. Carry wa nyenyezi 2 wa zida zitatu ndi wachabe ngati otchinga ake agwa m'masekondi 8. Nkhondo ya mu TFT ndi mpikisano wa nthawi: otchinga anu amagula masekondi, carry amawasandutsa mitembo. Mu mpira timadziwa kuti timu yomwetsa zigoli zitatu n'kumwetsedwa zinayi ilibe mapointi. Choncho pa kukhuthula golide kuja, wotchinga wa golide 4 wa nyenyezi 2 ndi wofunika chimodzimodzi ndi carry, ndipo naye afunika zida zake zitatu: Warmog's Armor ya Giant's Belt ziwiri, Gargoyle Stoneplate ya Chain Vest ndi Negatron Cloak, Bramble Vest polimbana ndi omenya ndi thupi, Dragon's Claw polimbana ndi amatsenga. Ndikafunsidwa kuti pakati pa chida chachitatu cha carry ndi choyamba cha wotchinga ndiyambe chiti, ndimasankha cha wotchinga pafupifupi nthawi zonse.

Ndiye pali zinthu ziwiri zosaoneka zimene pa siteji 5 zimalekanitsa matimu ofanana mphamvu. Choyamba ndi kuchepetsa kudzichiritsa kwa mdani. Zida monga Sunfire Cape ndi Morellonomicon zimaotcha adani n'kudula gawo limodzi mwa atatu la machiritso awo. Chachiwiri ndi kuboola chitetezo. Last Whisper ndi Evenshroud zimachotsa 30 pa 100 ya chitetezo cha thupi, Ionic Spark imachita chimodzimodzi pa chitetezo cha matsenga. Timu imene ilibe ziwirizi imamenya khoma. Mumaona carry wanu akuponya nkhonya zosawerengeka pa wotchinga mmodzi amene moyo wake sukusuntha, mpaka a kumbuyo kwake atakumalizani.

Msampha wa mafuko

Pafupifupi msilikali aliyense ali ndi mafuko awiri kapena atatu, amene mu gemu amatchedwa traits, ndipo mukaika a fuko limodzi okwanira, mwachitsanzo 2, 4 kapena 6, timu imalandira mphamvu yapadera. Kumanzere kwa sikirini zizindikiro zimayaka, zamkuwa, zasiliva, zagolide, ndipo zimakoma kuziona. Apa ndi pamene pusi anagwa chagada. Kuti mufike pa 6 kapena 8 a fuko limodzi, kawirikawiri mumakakamizika kusunga pa bolodi asilikali awiri kapena atatu a golide 1 ndi 2 amene pa siteji 5 alibe chochita koma kufa. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti: malo awa ndikaikapo wa golide 4 wa nyenyezi 2 wokomola adani ambiri nthawi imodzi, n'kutsika kuchoka pa 6 kufika pa 4, timu ikhala yamphamvu kapena yofooka? Nthawi zambiri imakhala yamphamvu. Pali mafuko ena amene gawo lake lapamwamba ndi loopsadi, makamaka mukapeza Spatula yopangira chizindikiro chowonjezera munthu m'fukolo, ndipo amenewo ndi oyenera kuwathamangira. Koma kuyatsa zizindikiro si cholinga cha gemu.

Ndandanda za matimu zimene zadzaza pa intaneti zili ndi vuto lomwelo mwanjira ina. Zimakuonetsani bolodi lomaliza, la munthu amene zinamuyendera mpaka anafika pamenepo. Sizikuonetsani anthu onse amene anaifunafuna timu yomweyo n'kufera panjira ali ndi theka lake. Ndi zothandiza podziwa kuti ndani amagwirizana ndi ndani, komanso kuti zida ziti zimayenera yani. Koma ndi chithunzi cha nyumba yomalizidwa, sizinena kuti njerwa munazipeza bwanji.

Raundi yosinthira timu ndiyo yovuta kwambiri m'gemu yonse, ndipo imafuna manja ofulumira. Muli ndi masekondi pafupifupi 30 oti mukwere levulo, mutembenuze shopu kambirimbiri, mugule, mugulitse, musamutse zida, mundandalike anthu. Pa foni n'zowawa kuposa pa kompyuta. Zimathandiza kukonzekeratu raundi yapitayo: yeretsani benchi, dziwani mayina amene mukulandira, dziwani amene achoke poyamba. Cholakwa chachikulu apa ndi kugwetsa nyumba yakale yatsopano isanafoleredwe. Msilikali wa golide 2 wa nyenyezi 2 nthawi zambiri amaposa wa golide 4 wa nyenyezi imodzi, makamaka kutsogolo. Musamuchotse chifukwa choti wamtengo wafika. Dikirani wamtengoyo akhale ndi nyenyezi yachiwiri. Ndipo dziwani poimira. Mukapeza carry ndi wotchinga, onse a nyenyezi 2, imani, ngakhale mutatsala ndi golide 20 woyabwa m'manja. Yambaninso kusunga. Ngati simunawapeze ndipo moyo uli pansi pa 30, palibenso chosungira, tembenuzani mpaka thumba liume, chifukwa chiwongoladzanja sichithandiza wakufa.

Sikuti timu iliyonse yolimba imamangidwa pa a golide 4. Njira ina, yotchedwa reroll, ndi yokhala pa levulo yotsika n'kufunafuna makope 9 a msilikali wotchipa. A golide 1 amafunidwa cha pa levulo 5, a golide 2 pa levulo 6, a golide 3 pa levulo 7, pamene aliyense amaoneka kwambiri. Mumasunga 50, n'kumatembenuza ndi golide wa pamwamba pake yekha raundi iliyonse, kuti chiwongoladzanja chisaduke. Otchipa ali ndi makope ambiri m'thumba, ndiye 9 amapezeka. Njirayi ndi yabwino ngati gemu yakupatsani kale makope anayi kapena asanu osawafunafuna, ndipo palibe wina amene akutola yemweyo. Anthu awiri akalimbirana msilikali mmodzi wa golide 3, kawirikawiri onse amatha pa nambala 6 ndi 7. Vuto lina la reroll ndi denga lake. Timuyo imafika pachimake msanga, imazunza anthu pa siteji 4, koma ikapanda kukwera levulo pambuyo pake, a levulo 9 amaipitirira.

Levulo 9 ndi 10 ndi kumene kumakhala a golide 5, asilikali amene mmodzi yekha angatembenuze nkhondo. Levulo 10 inakhala yogulika kwa aliyense kuyambira mu Novembala 2023, kale malire anali 9. Koma kuchoka pa 8 kufika pa 9 kumafuna XP yoposa 60, ndipo mukafika kumeneko thumba lili pululu, mwangogula malo amodzi opanda woikapo. Ndi ulendo wa amene timu yake pa levulo 8 yakhazikika kale, kapena amene wapambana motsatizana kwa nthawi yaitali ndipo ali ndi moyo woti angagonje kawiri katatu akusunga. Wa golide 5 wa nyenyezi 3, amene amafuna makope onse 9, amathetsa gemu yekha, koma zimenezo ndi zoonera m'mavidiyo, si zoikapo mapulani.

Ma augment, amene anabwera mu Novembala 2021, amawonjezera funso lina. Katatu m'gemu, pa raundi 2-1 (siteji 2, raundi yoyamba), 3-2 ndi 4-2, mumasankha mphatso imodzi mwa zitatu. Lamulo limene ndimatsata ndi losavuta: yoyamba ikhoza kukhala ya chuma, chifukwa ili ndi nthawi yoswa, yomaliza ikhale ya mphamvu ya pankhondo. Munthu amene watenga zitatu zonse za golide amafika pa siteji 5 ali wolemera, ndi timu yofanana ndi ya mnzake pa mayina, n'kumagonja osadziwa chifukwa.

Kuti muone kuti nzeru zimenezi ndi za malamulo a TFT osati za auto-battler iliyonse, yang'anani Hearthstone Battlegrounds. Kumeneko golide sagona: amene simunamugwiritse ntchito amatha ndi raundi yomweyo, ndipo mwachizolowezi malire ake ndi 10. Msilikali aliyense amagulidwa 3 n'kugulitsidwa 1, bolodi limakwana 7. Kusunga kulibe tanthauzo. Chimene mumagula ndi moyo wanu kumeneko ndicho kukweza shopu msanga kufika magawo apamwamba, n'kupeza asilikali amene amakulitsa anzawo raundi iliyonse. Timu ya kumapeto imakhala imene inayamba kukula msanga. Funso ndi lomwe lija, ndipirire zingati lero kuti ndidzalimbe mawa, koma ndalama yolipirira ndi ina.

Tibwerere ku TFT, osewera atatsala anayi kapena atatu. Apa matimu onse amakhala atamalizidwa, golide sasinthanso zambiri, ndipo chotsala ndi kaimidwe. Asilikali ambiri amamenya mdani amene ali naye pafupi, choncho carry woponya patali amabisidwa pakona ya mzere wa kumbuyo, wotchinga wamkulu n'kuima kutsogolo kwake. Koma kona iti? Ngati carry wa mdani ali moyang'anizana ndi wanu, amene otchinga ake ayambe kugwa ndiye wapita. Ngati mdani ali ndi matsenga ophulika pamalo amodzi, kuunjikana pakona ndi kudzipereka. Ngati ali ndi wolumphira kumbuyo, pambali pa carry pafunika munthu womuteteza. Gemu imapewa kukukumanitsani ndi amene mwangomenyana naye, ndiye mukhoza kuyerekeza amene akubwera, n'kuimika timu motsutsana ndi iyeyo. Mukatsala awiri zimafanana ndi bawo ya akuluakulu pansi pa mtengo: aliyense akuyang'ana mbali ya mnzake, wina asamutsira carry kumanzere, winayo atsatira, ndipo wochenjera amadikira masekondi awiri omaliza kuti asunthe mnzake alibenso nthawi yoyankha.

Pa masewera a mapointi, amene atha pa nambala 1 mpaka 4 amakwera, a 5 mpaka 8 amatsika, ndipo nambala 8 imadula kwambiri kuposa nambala 5. Izi zimasintha tanthauzo la timu yolimba. Si gemu iliyonse imene ingapambanidwe. Pofika pakati pa siteji 4, yenderani mabolodi onse. Ngati pali wina wa levulo 9 ndi moyo 80, inu muli ndi 35 ndi zida zosagwirizana, nambala 1 si yanu, ndipo kusungira levulo 9 kungokutulutsani msanga. Yang'anani m'malo mwake anthu atatu kapena anayi amene ali ndi moyo wofanana ndi wanu. Amenewo ndiwo adani anu. Khuthulani golide tsopano, pangani chida chilichonse chimene chingapangike, kwezani aliyense pa nyenyezi 2, kuti ngakhale mukagonja muzigonja mutapha asanu m'malo mwa awiri. Moyo 3 wopulumutsidwa pa raundi iliyonse, kwa maraundi anayi, ndi 12, pafupifupi raundi imodzi yowonjezera ya kukhala wamoyo. Ndipo awiri akafa pa raundi imodzi, amene wapitirira pang'ono pansi pa ziro ndiye amaikidwa pamwamba pa mnzake.